Foni Yafika ku Kachulu, Nanga Uthenga wa Madzi Uli Kuti?

Moni kwa inu a ku Kachulu ndi kwa Mwambo konse, a kwa Kuntumanji, a pa chilumba cha Chisi kwa Mkumbira, ndi inu asodzi amene mwakoloweka kawailesi pa mtengo wa chimbowera, kanyumba koyandama pakati pa njedza. Chaka chikamapita kumapeto, anzathu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhala pansi n'kumalosera zipangizo zimene zisinthe moyo chaka chamawa. Amatchula magalimoto oyendera magetsi, intaneti ya 5G imene TNM inayamba kuyesa mu 2023, ndi Starlink, intaneti yochokera mumlengalenga imene inafika m'dziko muno mu Julaye chaka chomwecho. Zonsezo n'zoona, ndipo zina zidzatipeza. Koma lero tiyeni tione zimene zili kale m'thumba la msodzi ndi m'nsalu ya mayi wogulitsa matemba, chifukwa kusintha kwa chaka chikubwerachi kudzera mmenemo.

Tisanafike pa foni, tikumbutsane za mwini dera lino, amene ndi madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe amathira momwemo, ndipo madzi akalowa satuluka kufikira dzuwa litawamwa. Ndi nyanja yosazama, n'chifukwa chake mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana imathawa. Inauma mu 1968. Inaumanso mu 1995. Mu 2012 inaphwa kwambiri, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa dothi long'aluka ku Kachulu, anthu akupita ku Chisi wapansi ndi pa njinga. Patangopita zaka zochepa, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo chino cha kummwera, ena mazana osapezeka, ndipo madzi analowa m'minda ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Uyu ndiye bwana wathu: lero wauma, mawa wasefukira. Chipangizo chilichonse chobwera kuno tizichifunsa ngati chikutithandiza kukhala naye bwana ameneyu.

Foni yasanduka msika. Zimenezi simukufunika kuuzidwa ndi wailesi. Kale mayi ankanyamula dengu la matemba ouma kupita ku Zomba kapena ku Limbe osadziwa kuti akapeza mtengo wanji, ndipo akapeza msika wadzaza ankagulitsa motaya kuti apeze ya basi yobwerera. Lero amayamba waimba. Wogula naye amaimba kufunsa ngati makumba atuluka, ngati mlamba wowamba ulipo, n'kutumiza ndalama katundu asananyamuke. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo pa zaka khumi zokha tinyumba ta ma ejenti tamera pa msika uliwonse. Kugwa kwa kwacha kwathandizira. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mtengo wa thumba la mpunga wa Faya ndi mpukutu woti suungabise m'thumba la malaya, ngakhale utakhala wa ma K5,000 okhaokha. Ndani angafune kuyenda nawo pa kabaza usiku kudutsa pa Govala?

Chimene tiyang'anitsitse chaka chikubwerachi ndi ichi: ndalama zambiri zimene kale zinkaperekedwa pamanja zikusamukira m'foni. Mtukula Pakhomo m'madera ambiri akulandirira pa foni kapena ku banki. Mabungwe othandiza pa nthawi ya njala nawo akukonda njira yomweyo. Magulu a banki mkhonde ayamba kusunga zina m'foni m'malo mwa bokosi la maloko atatu. Ubwino wake ulipo, koma funso ndi loti foniyo ili m'manja mwa yani. M'mabanja ambiri kuno foni ndi ya bambo. Agogo amene dzina lawo lili pa mndandanda sadziwa kuwerenga uthenga, ndiye nambala yachinsinsi amasunga ndi mdzukulu. Mdzukulu wina ndi wokhulupirika, wina ayi. Ndalama ikafika m'foni usiku palibe gulu la anthu loona ngati mmene zinkakhalira pa bwalo la sukulu, ndipo agogo angamve sabata yamawa kuti boma silinatumize mwezi uno.

Akuba nawo anasamukira momwemo. Mauthenga awo mukuwadziwa: wina akuti watumiza ndalama molakwika ndiye mumubwezere, wina akuti mwapambana mphoto koma muyambe mwalipira ya fomu, wina akuti mwana wanu wakomoka kusukulu. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mauthenga otere amachokera m'ndende momwe, kuphatikizapo ya ku Zomba konkuno, ngakhale kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Chatsopano chimene chikubwera ndi choopsa kuposa uthenga wolemba. Makina a masiku ano amatha kutengera mawu a munthu akangomva kachidutswa kochepa ka kulankhula kwake, ndipo m'mayiko ena anthu aberedwa kale ndi mawu onga a mwana wawo. Kuno, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata ku Joni amene amatumiza mawu pa WhatsApp ndi ndalama pa Mukuru, msampha umenewu sudzasowa ogwidwa. Mankhwala ake ndi akale: dulani foni, muimbe nokha pa nambala imene mukuidziwa, mufunse chinthu chodziwa inu awiri okha. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atanena kuti ndi wa ku ofesi. Ndipo wina akabwera kudzajambula ziphaso zanu ponena kuti akulemba mayina a chithandizo, afotokoze pamaso pa amfumu kuti watumidwa ndi yani. Lamulo loteteza mbiri ya munthu linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira, koma lamulo lokhala m'maofesi silingakugwirireni chiphaso chanu pa doko.

Tsopano ndilankhule ndi inu achimwene, anyamata okoka nkhoka ndi oyendetsa kabaza. Pali kandege. Amene simukukadziwa, ndi masewera a juga a pa foni: kandege kamanyamuka, ndalama imene wabetcha imaoneka ngati ikukula, ndipo uyenera kuitenga kasanathawe. Kakathawa, zonse zapita. Kale wofuna juga ankayenera kupita ku tauni kapena kubisala kuseri kwa msika ndi makhadi, ndipo anthu ankamuona. Lero juga ili m'foni yomweyo imene muli ndalama ya nsomba za dzulo, ndipo kuchoka pa ndalamayo kufika pa kandege ndi kudina kawiri kokha. Juga ya pa foni ili ngati mono: khomo lake ndi lotakasuka polowa, koma nsomba ikatembenuka siipezanso njira. Masamu a masewerawa anakonzedwa kuti pa anthu onse obetcha, kampani izitsala ndi gawo lake tsiku lililonse. Amene wapambana amalengeza msika wonse. Makumi amene aluza amangoti zii.

Nthawi yoopsa ndi imene ikubwerayi. Nyanja ikatsekedwa kwa a nkhoka kuyambira mu Disembala kuti nsomba ziswane, anyamata amakhala opanda chochita, njala ili pakhomo, ndipo mtima umati mwina K500 ibala K50,000. Ikalephera, wina amapita kwa wakatapila, wina amagulitsa foni yomweyo, wina amalowa m'nyanja usiku ndi ukonde wa udzudzu. Taonani mmene juga ya pa foni imafikira mpaka pa mazira a matemba. Bungwe la boma loyang'anira juga, MAGLA, limanena kuti ana osakwana zaka 18 asabetche. Koma foni ya bambo siifunsa zaka za amene waigwira. Ine ndikuona kuti chaka chikubwerachi nkhani imeneyi ifika pa mabwalo a mafumu ndi m'mipingo ndi m'mizikiti kuposa kale, ndipo ndi bwino ifike msanga. Makomiti a pa doko amene amalanda maukonde oletsedwa akhoza kuyambitsanso kagulu kosunga ndalama za anyamata m'miyezi ya nsomba kuti azidzalandira m'miyezi yotseka. Amayi anachita kale zimenezi ndi banki mkhonde. Chikuletsa abambo n'chiyani?

Za dzuwa ndiye nkhani yokoma. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi m'dziko muno ndi imene inali ndi magetsi a Escom, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Amene ali nawo sanaiwale mdima wa 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Kuno sitinadikire mapolo. Kasola kali pa denga la udzu, kakutchaja mafoni, kakuyatsa babu la mwana wa Sitandade 8, kakuyendetsa kanema wa mpira pa msika. Makampani ena amakupatsa sola pangongole, uzilipira pang'onopang'ono pa foni, ukalephera imazima yokha. Werengani bwino musanasaine, chifukwa mwezi wa Febuluwale ngongole siidziwa kuti nyanja ndi yotseka.

Chimene chikufalikira tsopano ndi mapampu a sola m'madimba. Mlimi amene ankatopa ndi thirido pampu kapena khasu ndi ndowa akuthirira munda waukulu popanda kugula petulo, amenenso wakhala akusowa. Ndani angadane nazo? Komabe wina ayenera kunena mawu osakomawa: madzi amene pampu yakoka mu Likangala kumtunda ndi madzi amene sadzafika ku sikimu ya mpunga kumunsi, ndipo sadzafika m'nyanja. Pampu imodzi si kanthu. Mazana a mapampu m'chilimwe cha chaka chouma ndi nkhani ina. Alimi a kumtunda, alimi a mpunga ndi asodzi akhala akukangana za madzi amenewa kuyambira kale, ndipo dzuwa laulere likhoza kuukulitsa mkanganowo ngati magulu oyang'anira madzi sakhala pansi kugawana masiku. Palinso mabatire akutha amene akungotayidwa kuseri kwa nyumba, ana n'kumaseweretsa. Muli mtovu mmenemo, ndipo ndi poizoni.

Dzuwa lomweli linatiphunzitsa kanthu ku Kachulu. Pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010 pansi pa mabungwe a LEAD ndi WorldFish komanso nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi thandizo la dziko la Norway, inamangira magulu a amayi nyumba zapulasitiki zoumitsira nsomba. Matemba ouma mmenemo sakhala ndi mchenga kapena ntchentche, mvula siwaononga, nkhuni sizifunika, ndipo mtengo wake umakwera. Nzeru yake ndi yapafupi, ndipo inagwira. Mayeso a chipangizo chotere amabwera pulasitiki ikang'ambika, galimoto ya bungwe itasiya kubwera. Gulu limene linkapatula kandalama kokonzera limapitirira. Limene linkadikira abwana limabwerera pa mphasa. Chilichonse chatsopano chimene atibweretsere chaka chamawa, tizifunsa tsiku loyamba lomwelo kuti chikaonongeka akonza ndani, ndipo chitsulo chake chigulidwa kuti.

Mwamvanso za makina oyankha mafunso amene akuwatcha AI. Dziko linayamba kuwalankhula kwambiri ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022. Kuno kwathu, bungwe la Opportunity International linayambitsa mu 2024 chida chotchedwa Ulangizi, chimene chimagwira pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mlimi amafunsa polemba kapena polankhula, akhoza kutumiza chithunzi cha tsamba lodwala, ndipo yankho limachokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. M'dziko limene mlangizi mmodzi amayang'anira alimi oposa 2,000, chinthu chotere si chochinyoza. Mlimi wa mpunga ku Likangala amene waona masamba akusanduka achikasu sangadikire milungu itatu kuti alangizi adutse pa njinga.

Koma tichenjere pa zinthu ziwiri. Makinawa amaphunzira kuchokera m'zolembedwa, ndipo zolembedwa m'Chichewa ndi zochepa, za m'Chilomwe ndi m'Chiyao n'zochepetsetsa. Za kachitidwe ka madzi a Chilwa, za kumene mlamba umabisala madzi akaphwa, za mphepo imene imagubuduza bwato pakati pa Kachulu ndi Chisi, zambiri zili m'mitu ya akuluakulu, sizinalembedwe. Makina akasowa yankho nthawi zina sanena kuti sakudziwa, amangoyankha molimba mtima zinthu zolakwika. Ndiye pa nkhani ya mankhwala opopera, mlingo wa feteleza kapena matenda a munthu, yankho la foni likhale poyambira, mukatsimikize kwa alangizi. Chinanso n'chakuti chidachi chimafuna foni yamakono, bandulo ndi netiweki, pomwe ambiri kuno ali ndi ya mabatani. N'chifukwa chake amene akuyendetsa Ulangizi amadalira munthu mmodzi wokhala ndi foni kufunsira gulu lonse. Munthu ameneyo asanduka wofunika m'mudzi ngati mlembi wa amfumu. Posankha, musaiwale amayi ndi atsikana amene anamaliza Folomu 4 n'kungokhala.

A zaumoyo anationetsa kale njira. Mu 2016, kolera itabuka pa nyanja ino, iwo anadziwa kuti msodzi wa m'chimbowera sangabwerere kumtunda pa tsiku loikika kudzalandira katemera wachiwiri. Anamupatsa woyamba, wachiwiri n'kumupatsira kuti akamwe yekha komweko nthawi ikakwana. Panalibe makina odabwitsa, koma wina anayamba wafunsa mmene anthu a pa Chilwa amakhalira. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chinapambananso pa chifukwa chomwecho: chimagwira pa foni ya mabatani, ndipo woyankha amalankhula chinenero chako.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani yanga. Pamwamba pathupa pakudutsa makina ojambula dziko. A ku America otchedwa Landsat anayamba mu 1972, ndipo zithunzi zake zakhala zaulere kuyambira 2008. A ku Ulaya otchedwa Sentinel-2, amene anayamba mu 2015, amajambula malo amodzi pafupifupi masiku asanu aliwonse, nazonso zaulere. Wophunzira wa pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Kachulu, akhoza kukhala pa kompyuta n'kuona mmene madzi a Chilwa abwerera m'mbuyo kuyambira mwezi watha, n'kufanizira ndi mmene zinayambira mu 1995 ndi mu 2018. Nthambi ya zanyengo imalengeza chaka chilichonse mmene dzinja likuyembekezeka kukhalira. Akatswiri anapeza kale kuti nyanjayi imauma pambuyo pa zaka zotsatizana za mvula yochepa. Kunena kwina, kuuma kwa Chilwa si chinthu chodzidzimutsa kwa anthu a m'maofesi. Chimadzidzimutsa yekhayo amene wangotenga ngongole ya ukonde watsopano ndi injini.

Mlingo wa madzi a nyanja ya Malawi timaumva kawirikawiri, bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority limaulengeza, chifukwa kumeneko kuli magetsi a pa Shire ndi malo ogona alendo. Za Chilwa timamva zikafika poipa, atolankhani atabwera kudzajambula mabwato pamatope. Chonsecho nyanja imeneyi m'zaka zabwino yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse za dziko lino. Inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika a Ramsar, yoyamba m'Malawi, ndipo UNESCO inaizindikira mu 2006. Ulemu wonsewo, koma msodzi alibe nambala yoti adine n'kumva kuti madzi atsika bwanji mwezi uno.

Akanadziwa akanachita chiyani? Mwini nkhoka akanadikira kaye osagula injini. Mayi wa geni akanasunga mpamba wake kapena kuutembenuzira ku mpunga. Alimi a m'masikimu akanagwirizana msanga kuchuluka kwa malo olima m'chilimwe. Mafumu ndi makomiti a pa doko akanayamba kulondera maiwe a m'mitsinje nthawi ikadalipo. Akuluakulu akukumbuka kuti nyanja itauma mu 1995, mafumu ndi a nthambi ya zausodzi anagwirizana zoletsa kupha nsomba zimene zinathawira m'maiwe ndi kumathiriro a mitsinje, analetsanso katupe, ndipo madzi atabwerera nsomba zomwezo ndi zimene zinabzala nyanja. Zimenezo zinatheka ndi misonkhano ya pansi pa mtengo, foni kulibe. Lero tili ndi foni m'nyumba zambiri, tili ndi mawailesi a m'dera monga Chanco Community Radio imene inabadwa chifukwa cha nkhani zomwezi za nyengo, tili ndi magulu a WhatsApp amene amafalitsa uthenga wa maliro mudzi wonse dzuwa lisanatuluke.

Choncho pempho langa likupita kwa a khonsolo ya Zomba, a nthambi ya zausodzi, a zamadzi, a zanyengo ndi aphunzitsi a pa yunivesite. Chaka chikubwerachi, kamodzi pa mwezi, tiuzeni m'Chichewa chomveka, pa wailesi ndi pa uthenga wa foni ya mabatani, kuti madzi a Chilwa ali pati, akukwera kapena akutsika, ndipo poyerekeza ndi chaka chatha zili bwanji. Makampani a mafoni amene amatitumizira mauthenga otsatsa malonda tsiku ndi tsiku anyamule uthenga umenewu kwaulere. Ndipo inu omvera, khansala kapena phungu akabwera pa doko, mukamaliza kumufunsa za msewu ndi mijigo, mufunseninso kuti uthenga wa madzi uyamba mwezi uti.